Nkhunguni za Apongozi

Kumunsi kwa phiri la Tumbine, kunja pang'ono kwa Vila ya Milange, ukafunsa za Laurindo anthu ankayamba akanda kumutu. Ukati Abomba, aliyense ankakulozera nyumba. Dzinalo silinali la nkhondo. Bomba ndi mpope wopopera mankhwala m'munda wa thonje, ndipo iye anafika nawo m'mudzimo ataubereka kumsana ngati mwana.

Anabadwira kuchigwa, kufupi ndi Shire, kotentha, kumene thonje limayera mpaka kumene maso athera. Kuyambira ali mnyamata ntchito yake inali kupopera thonje la Mpwitikizi wina. Dzanja lamanzere kupopa, lamanja kuloza pansi pa masamba. Ntchitoyo inamuphunzitsa chinthu chimodzi, ndipo anachigwira zolimba: kachilombo kalikonse kotera pa mbewu ndi mdani, makamaka konunkha. Ufulu utabwera, Mpwitikizi uja anakwera lole osatsanzika. Antchito anagawana zotsala. Wina anatenga wilibala, wina zitseko. Laurindo anatenga mpope wake ndi chitini cha mankhwala, nakwera kumtunda kukafuna ntchito m'minda ya tiyi.

Ntchito sanaipeze yokhazikika. Anapeza Januária, akugulitsa nandolo pamsika wa Vila. Anakwatirana dziko litayamba kutentha, chisanu chitapita.

Kwawo kwa Laurindo mkazi ndiye amatsata mwamuna. Kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi. Anavomera, poti kwawo kunalibe chomuyembekezera. A Fabião, malume ake a Januária, amene ankakonza njinga pamsewu, anamuonetsa pomanga: kumapeto kwa mudzi, pafupi ndi mitengo ya bulugama. Mitengoyo inali ya a Domingas, amayi ake a Januária. Anaibzala malemu amuna awo, mbande zake atachokera nazo ku tiyi. Laurindo anamanga nyumba yabwino, denga lochindikala. Manja anali nawo.

Za malamulo a ukamwini anamuuza mwachidule. Apongozi sayang'anizana nawo. Akakumana nawo panjira, apatukire m'tchire. Ali ndi mawu, atume mkazi wake kapena mlamu wake. Mlamuyo anali Berta, mkulu wake wa Januária, mayi wa ana atatu, amene mwamuna wake ankagwira ntchito kutsidya kwa Ruo, mtsinje wa m'malire. Berta anali ndi pakamwa. Mlamu amaloledwa kuseka mlamu, ndipo iye ufulu umenewo sankausunga m'thumba.

Sabata yoyamba anauza Laurindo, nkhope ili gwa, kuti kuno mkamwini watsopano amatungira apongozi madzi m'mawa, mtsuko uli pamutu. Laurindo anasenza mtsuko. Amayi a pachitsime anaseka mpaka ena anakhala pansi. Kuyambira tsiku limenelo anadziikira lamulo lake: chimene wanena Berta, ayi ndi chimenecho.

Chisanu chitayandikira, Januária anali wotopa ndi pakati poyamba, miyendo itatupa. Anapita kukadikirira kuchipatala cha ku Vila, a Domingas namuperekeza kukamuphikira. Laurindo anatsala yekha.

Kenaka inawomba mphepo ya chiperoni, ndi kamvula kake kosanyowetsa nthaka koma kolowa m'mafupa. Tsiku lina masana kutacha pang'ono, kunamveka mkokomo kuchokera kuphiri ngati mvula ikubwera. Sinali mvula. Zinali nkhunguni, zobiriwira, iliyonse ngati chikhadabo cha chala chachikulu, zochuluka ngati utsi. Zinatera pa mabulugama mpaka tinthambi tinawerama. Zimene zinasowa malo zinatera pa denga latsopano lija, n'kulowa mu udzu.

M'nyumba munasanduka mosakhalika. Zinkagwera mumtsuko wa madzi, madzi n'kumanunkha. Zinkalowa mu ufa. Zinkakwawa pa mphasa ndi m'malaya. Laurindo anayamba kuziponda, fungo linakula kawiri. Anayatsa koloboyi kuti azione bwino, zinabwera zina kutsata kuwala. Ina anaigwira pakhosi, inamufayira madzi ake m'diso. Diso linatupa n'kutsekeka, likuyaka ngati lathiridwa tsabola.

Berta anamupeza pakhonde akusambitsa disolo.

"Alamu, mwadala," anatero, akuyang'ana denga. "Chaka chino zasankha nyumba yanu."

"Ngati mukuzikonda, zitengeni zikagone kwanu."

"Sitingazigwire amayi asanabwere. Mitengoyi ndi yawo. Amayamba iwo, ife pambuyo. Zikhale kaye, zinone."

"Zinone? Mutani nazo?"

"Tidye. Nanga n'zovala?"

Laurindo anamuyang'ana ndi diso limodzi lotsalalo, naseka. "Ndipo mawa ndikatunge madzi ndi mtsuko pamutu?"

"Ii, alamu, lero ndikunena zoona."

"Tsiku lija munatinso zoona."

"Chabwino, amuna anga," anatero Berta akunyamuka. "Khalani nawo akazi anzangawo. Koma musawamenye, amalira m'maso."

Laurindo anaganiza ngati munthu wanzeru. Chaka chimenecho ndiwo zinali zosowa. Chikhala kuti tizilomboti n'todyedwa, bwenzi anthu akulimbirana pansi pa mitengo. Koma masiku ankapita, palibe anakhudza ngakhale imodzi. Akanatha kufunsa a Fabião. Anaopa kusekedwa kachiwiri.

Kenaka unafika uthenga kuti Januária wabereka mwana wamkazi, ndipo abwera Loweruka. Laurindo anayang'ana kudenga, nkhunguni ina n'kugwera pamphasa. Anaganiza za diso la mwana wakhanda. Anatsitsa mpope.

Tsikulo mudzi wonse unali kumsonkhano wa za munda wa onse, umene anaitanitsa sekeretale wa m'deramo. Iye anatsala chifukwa cha diso. Anasungunula mankhwala monga ankachitira ku thonje, napopera denga mkati ndi kunja. Atatha anaima n'kuyang'ana mabulugama. Wodziwa ntchito sapopera munda n'kusiya tchire limene tizilombo tikuchokera. Anamangirira nsungwi yaitali ku mpope, nakwera mtengo uliwonse. Nkhunguni zinagwa ngati matalala. Anazisesa, naziunjika milu yooneka bwino, kuti apongozi akafika aone kuti mkamwini wawo si waulesi. Nkhuku za m'mudzi zinabwera kudzathandiza.

Anthu anabwerako kumsonkhano akuimba. Nyimbo inathera panjira. Berta ndiye anayamba kufika. Anayang'ana milu ija, anayang'ana mitengo yopanda kanthu, naika manja kumutu monga amachitira pamaliro.

"Mwachita chiyani, bambo inu?"

Sanamutchule alamu. Pamenepo Laurindo anadziwa kuti tsiku lija Berta sankaseka.

Anathamangitsa nkhuku, koma zinali zitakhuta kale. Pofika madzulo zambiri zinali gada, miyendo m'mwamba, tambala wa a Fabião ali pakati pawo.

Kuti munthu amvetse kukula kwa mlanduwo ayenera kudziwa zaka zimenezo. Eni masitolo a ku Vila anali atapita, mashelefu atatsala fumbi. Mchere kunalibe, sopo kunalibe. Amayi a m'mudzimo ankayanika nkhunguni, n'kuwoloka nazo Ruo kupita ku Muloza, n'kubwerako ndi mchere ndi sopo. Zotsala zinali ndiwo za chisanu chonse. Mitengo ya a Domingas inkadyetsa mbumba yonse. Ndipo aliyense ankadziwa kuti nkhunguni zikazunzidwa pamalo, ndi moto kaya ndi utsi, zimatha kusiya malowo osabwereranso.

Loweruka a Domingas anafika, mwana ali m'manja mwawo, Januária akutsata pang'onopang'ono. Fungo linawalonjera asanafike. Anaima pansi pa mabulugama nthawi yaitali. Anatola nkhunguni imodzi yakufa, anainunkhiza, anaitaya, napempha madzi osamba m'manja. Anakhota, nalowa ndi mwana m'nyumba mwawo. Januária anayang'ana mwamuna wake kamodzi, natsata amayi ake.

Laurindo anali kuseri kwa nkhokwe, kumene mkamwini amaima apongozi akamadutsa. Mwana wake anamuona ngati kansalu kakudutsa patali.

Mawa lake a Fabião anabwera. Anakana mpando wa pakhonde, nakakhala pa chitsa kumene kunkachokera mphepo.

"Akamwini, kwanu mukafuna kupha nsabwe mumatentha mutu?"

"Ndimafuna mwana apeze nyumba yabwino, malume."

"Waipeza. Ya agogo ake." Anatulutsa fodya, nayamba kupichira. "Berta anakuuzani."

"Berta amanama."

"Amanama, inde. Anayamba ali wamng'ono. Koma ine ndinalipo, pamsewu pomwepa, pakamwa panga pali pomwepa. Safunsa anadya phula. Tambala wanga uja anali wa mbewu, mukudziwa?"

"Ndidzabweza."

"Tambala si nkhani. Achemwali anga akuti mubwerere kwanu. Akuti munthu wopha chakudya sakhala naye pamudzi. Ine ndati, munthuyu ndi wopusa, koma denga amalitha. Takangana mpaka tagwirizana chonchi. Mukhala kufikira chisanu chamawa. Nkhunguni zikabwera, nkhani yatha. Zikapanda kubwera, mubereka bomba lanu, mutsika phiri. Mwana ndi wathu, zimenezo mukuzidziwa."

Laurindo anati wamva.

Januária anabwera yekha patapita masiku, naima kunja, mphuno ataitseka ndi nsalu.

"Ndikanakuuzani ndisanapite," anatero. "Koma ndani akanaganiza kuti padziko pali munthu wosadziwa nkhunguni?"

"Mwana ali bwanji?"

"Akuyamwa. Amayi amutcha Adelaide. M'nyumba umu sitilowa mpaka fungoli lithe."

Fungolo silinali lotha lokha. Mu udzu wa denga munali nkhunguni zakufa zosawerengeka, zikuola pamodzi ndi mankhwala. Laurindo anasasula denga lonse, lomwe anali asanalikhalire ndi chaka chomwe, nakatentha udzuwo kutali ndi mudzi. Anakumba dzenje lakuya, nakwirira milu ija pamodzi ndi chitini cha mankhwala. Anapala dothi la pansi m'nyumba, naika lina, Berta n'kumuzirira. Chisanu chonsecho anagona pansi pa phaso lopanda udzu.

Mpope anautsuka ndi phulusa. Kenaka anayamba kutunga madzi kumtsinje n'kumapopera mabulugama, kuwasambitsa tsamba ndi tsamba. Anthu odutsa ankaima n'kumaonerera munthu akusambitsa mitengo. Dzina la Abomba linayamba pamenepo. Mwina kusambitsako sikunathandize kanthu. Mvula inadzagwira ntchito yomweyo popanda kutuma munthu. Koma a Domingas ankaona ali pakhomo pawo.

Chisanu chisanathe, amayi a m'mudzimo ankakwera phiri kukafuna nkhunguni za m'tchire, m'misuku, kutali ndiponso zochepa. Laurindo anapempha kuti aziwanyamulira matumba. Berta anavomera ndi phewa. Kumeneko ndi kumene anaphunzira. Amapita m'mamawa, kuzizira kutazigwira, zisanathe kuuluka. Amagwedeza nthambi pa thumba, nkhope atayang'ana kumbali. Safinya, saponda. Yakufa amaitaya, chifukwa yofa ndi madzi ake m'thupi imawawa, imawononga mphika wonse. Manja ake anasanduka ofiirira ngati a munthu wosankha fodya.

Tsiku lina akutsika, thumba lili paphewa, Berta anati, "Alamu, mtsuko uja munkausenza bwino kuposa thumbali." Laurindo anamva kuti watchedwanso alamu.

Udzu utakhwima anamweta, nafolera denga lina. Ulendo uno anachita chimene m'mudzimo munalibe. Analuka nsungwi, naziyala pansi pa phaso kuchokera khoma mpaka khoma, namata ndi dothi mipata yonse ya pakati pa khoma ndi denga. Chogwa mu udzu chinkathera pa nsungwi. Mphika uliwonse ndi mtsuko uliwonse anausemera chivundikiro cha thabwa. Dziko litauma, osaka mbewa atayamba kutentha tchire, analambula kuzungulira mabulugama kuti moto usafike. Mvula yoyamba itagwa, Januária anabwerera ndi mwana.

Anakhala bwino miyezi ya dzinja. Analima munda wa mkazi wake, munda wa apongozi, ndi gawo lake m'munda wa onse. Adelaide anaphunzira kukhala, kenaka kukwawa. Za chisanu palibe ankazitchula.

Chiperoni inawombanso. Laurindo ankatuluka masana aliwonse n'kutchera khutu kuphiri. Kunali zii. Midzi ina inayamba kugwira. Mabulugama a a Domingas anali masamba okhaokha.

A Fabião anamupeza ataima pansi pa mitengo, khosi lili m'mwamba.

"Akamwini, njinga yanga ndaikonza. Ili ndi keliyala yolimba. Mukafuna kunyamulira katundu, musachite manyazi."

"Chisanu sichinathe, malume."

"Sichinathe, inde. Ndangonena za njinga."

Laurindo anafunsa Januária ngati angapite naye kuchigwa zinthu zikavuta. Januária anali akusenda chinangwa, ndipo sanasiye kusenda.

"Kuchigwa sindipita. Udzudzu wa kumeneko ungandiphere mwana. Ndipo ndikalima munda wa yani?"

Laurindo sanakwiye. Mkaziyo ananena zoona.

Anayamba kukwera phiri yekha. Ankatsika ndi nkhunguni zamoyo m'thumba, n'kuzikhuthulira pa nthambi za mabulugama mosamala ngati akuika mazira. Zinkakhala pomwepo kuli kozizira. Dzuwa likatentha zinkatambasula mapiko n'kubwerera kumene zinachokera. Anachita zimenezi mpaka miyendo inatopa. Matumba onunkhawo ankawapachika pansi pa chikhonde cha nyumba yake, poti Januária anakana kuti alowe m'nyumba.

Anthu atasiya kuyembekezera, mkokomo uja unamveka. Unali waung'ono poyerekeza ndi chaka chapita. Nkhunguni zinazungulira mabulugama, sizinatere. Zinadutsa, n'kukatera pa denga la Laurindo ndi pa mtengo wa mango wa pakhomo pake. Ena amati zinatsata fungo la matumba aja. Ena amati zinangokonda udzu watsopano. Palibe anazifunsa.

Laurindo anathamangira pamsewu.

"Malume, zabwera!"

A Fabião anabwera ndi sipanala m'manja. Anayang'ana denga, anayang'ana mabulugama, nakanda chibwano.

"Zabwera pa denga lanu. Mitengo ya achemwali anga ilibe kanthu."

"Munati zikabwera."

"Ndinatero. Koma nkhani si yanga. Akabwera eni ake kudzayamba kugwira pa denga ili, ndiye kuti azivomera. Akapanda kubwera, palibe azigwire, ndipo zidzauluka zokha. Inu musakhudze."

Choncho Laurindo anakhala ndi nkhunguni m'nyumba kachiwiri, ulendo uno mkazi ndi mwana ali momwemo. Nsungwi zija zinagwira ntchito. Zambiri zinathera pamwamba, zikungomveka kukwawa ngati munthu akupeta mapira. Zina zinkalowera pakhomo. Koloboyi sankayatsa. Ankadya kusanade. Miphika inali yovundikira, ufa uli m'chitini. M'mawa uliwonse ankayendera nyumba ndi tsache lofewa la udzu ndi lichero, n'kukazitula pa mango. Ikafika pa mphasa ya Adelaide, ankaikweza pa tsamba n'kuituluka nayo, mutu atatembenuzira kumbali. Sanaphe ngakhale imodzi. Fungo linalipo, koma la zamoyo zosaputidwa limapiririka.

"Poyamba munkazipha ngati mfiti," anatero Berta. "Lero mukuzinyamula ngati abwana. Muziphikira ndi phala lomwe?"

"Amayi akuti chiyani?"

"Akuti msana ukuwawa."

Masiku ankapita. Chiperoni inaleka. Masana kunayamba kutentha, ndipo nkhunguni zina zinayamba kuuluka m'timagulu, osabwerera. Amayi a m'mudzimo ankadutsa pakhomopo n'kumeza malovu. Mchere m'nyumba zonse unali utatha kapena uli pafupi kutha. Laurindo anatsitsa mpope pakhoma, naupukuta fumbi, naumanga zingwe zoberekera. Januária anaona.

M'mawa wina kozizira, mame ali mbuu, anamva mapazi panja. Anasuzumira. Anali a Domingas, lichero m'manja, Berta ali pambuyo ndi mphika waukulu, kumbuyo kwawo amayi ena ndi matumba. Laurindo anatuluka msanga, nakaima kuseri kwa nkhokwe, nkhope kuthengo.

Anamva lichero likukhudza udzu. A Domingas anasesera za m'mphepete mwa denga, pamene dzanja lawo linkafika. Anali munthu wamfupi. Zambiri zinali pamwamba, kumutu kwa denga. Kenaka analankhula mokweza, ngati Berta ali kutsidya kwa mtsinje.

"Berta, uwauze eni nyumba akwere. Denga ndi lawo, akudziwa popondapo."

"Alamu!" anakuwa Berta, ngakhale anali pafupi. "Mwamva? Kapena munena kuti ndikunama?"

Laurindo anakwera. Anasesa kuchokera pamwamba, pang'onopang'ono, amayi akulandira m'malichero. Apongozi ake anali pansi pomwepo, iye maso ali pa udzu. Dzuwa lisanatenthe denga linali loyera, mango nayenso atagwedezedwa. Sizinali zambiri ngati zaka za m'mbuyo. Zinali zokwana kuti nyumba iliyonse ilawe, ndi kuti Berta awoloke Ruo kamodzi.

Amayiwo anazikonzera pabwalo la a Domingas. Anazithira m'madzi ofunda, akutakasa ndi mtengo, nkhope atayang'ana kumbali, kuti zitulutse madzi ake owawa. Anasintha madzi mpaka anayera. Kenaka anaziwiritsa, nasankha zakuda n'kutaya, zotsala n'kukazinga. Laurindo ankaonerera ali kwake, akusamba m'manja mosathandiza.

Berta anabwera ndi mbale yovundikira, naiika patsogolo pake.

"Akuti mudye. Zonse."

Laurindo anavundukula. Zinali zofiirira, zonyezimira mafuta, miyendo ikadalipo. Chaka chonse anali atazinyamula, atazisesa, atagona pansi pake, koma anali asanaikepo mkamwa. Anatenga imodzi. Inaphwanyika ngati mtedza wokazinga, mafuta ake n'kudzaza mkamwa, kumapeto kwake kafungo kaja kali pomwepo. Sanaikonde. Anatenga ina.

Kuseri kwa mpanda wa udzu kunaima munthu, nsana atalozetsa kwa iye. Anazindikira mpango wa a Domingas.

"Mchere wakwana, bambo a Adelaide?"

Chikwatirireni anali asanamulankhulepo. Laurindo anameza msanga, naimirira, maso ali pansi.

"Wakwana, amayi."

"Ndi womaliza umenewo," anatero, nabwerera kwawo.

Anamaliza mbale yonse. Madzulo anamasula zingwe za mpope, naubwezera pakhoma.

Laurindo anakhala m'mudzimo. Mabulugama anakhala zaka zingapo opanda kanthu, kenaka nkhunguni zinayambanso kuterapo pang'onopang'ono, koma denga lake sizinalisiye. Chisanu chilichonse nyumba yake inkanunkha, ndipo chisanu chilichonse a Domingas ankayambira pamenepo. Tambala wa a Fabião anabweza, a Fabião n'kumadandaulabe kuti woyamba uja ankalira bwino. Anthu a midzi yozungulira, nkhunguni zikawalowera m'nyumba, ankati kaitaneni Abomba. Ankapita ndi tsache, thumba, nsungwi ndi khasu lokumbira dothi lomatira. Malangizo ake anali ochepa: osaponda, osafukiza, osayatsa nyale pakhomo, vundikirani madzi, dzukani kukadazizira. Wina akafunsa za mankhwala, ankati anawakwirira ndipo anaiwala malo.

Mpope sunapoperenso mankhwala. Januária ankathirira nawo mpiru kudimba. Unatayika zaka za nkhondo, pamene mudzi wonse unathawira kutsidya kwa Ruo, ndipo Laurindo anasankha kubereka a Domingas, amene pa nthawiyo sankathanso kuyenda.

Nkhunguni sanazikonde mpaka imfa yake. Mbale yoyamba ya chaka inkabwera kwa iye, ndipo ankaimaliza.